Nkhoswe ya Dzuwa ndi Batire

Anthu ambiri akagula panelo ya dzuwa yochedwa ya mavolti 12 amadabwa kuona kuti kumbuyo kwace kwalembedwa mavolti 17 kapena 18. Sikuti olemba anaphonya ai. Mbiri ya zipangizo zimenezi ilongosola cifukwa cace.

Wamkulu pa zonse ndiye batire. M'caka ca 1859 Gaston Planté wa ku France anapanga batire la mtobvu ndi asidi, lotha kudzazidwanso likatha mphamvu. Cipinda cimodzi ca batire lotere cipatsa mavolti 2, ndipo zipinda zisanu ndi cimodzi zipanga 12. M'zaka za m'ma 1950 opanga magalimoto ambiri anasiya mabatire a mavolti 6 natenga a 12, motero muyeso umenewu unafalikira ponse ponse pamene galimoto inafika.

Panelo inabadwa pambuyo. M'caka ca 1954 amuna atatu a ku Bell Laboratories ku America, Daryl Chapin, Calvin Fuller ndi Gerald Pearson, anaonetsa timbale ta silikoni totembenuza kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi. Caka cotsatira anatiyesa pa waya wa lamya ku Americus, m'dera la Georgia. Popeza dzuwa limalowa koma lamya ifunika ndi usiku womwe, anafunikanso mabatire osungiramo mphamvuyo. Ukwati wa panelo ndi batire unayambira pomwepo.

Tsono kambale kamodzi kapatsa ngati theka la volti. Madzi satsikira ku mtunda. Comweconso magetsi salowa m'batire pokhapokha atacokera pa mavolti oposa a batirelo, ndipo batire la 12 lifuna oposa pang'ono 14 kuti lidzale. Ndiponso timbale tikatentha, monga m'mwezi wa October, mavolti ace amatsika. Pa cifukwa ici amisiri anazolowera kulumikiza timbale 36, topatsa pafupifupi 18, kuti pakhale cotsalira.

Koma ukwati wopanda nkhoswe sukhalitsa. Panelo ikangothira kosaleka, madzi a m'batire amauma. Batire likakamidwa kopitirira, limafa msanga. Nkhosweyo ndiye kontrola. Oyamba anali ongodula ndi kulumikiza. Kenaka kunadza a PWM, amene amakokera panelo pansi kuti ilingane ndi batire, ndipo mavolti otsalawo amangotayika. A MPPT, amene anayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1980, amatsitsa mavolti nacurukitsa maampu, kotero kuti zotayika zimacepa.

Kusiyana kumeneku kunaoneka kwambiri pamene misika inadzala ndi mapanelo a timbale 60, opatsa ngati mavolti 30, amene anapangidwira nyumba za magetsi a m'mizinda. Woika panelo yotere pa batire la 12 kudzera mwa PWM ataya mphamvu yoposa theka. MPPT ndiye woyenera pamenepo. Nyumba zofuna mphamvu zambiri zinasamukira ku mabatire a 24 ndi 48, pakuti mavolti akawirikiza, maampu amacepa ndi theka, ndipo waya satentha. Komabe kontrola ali yense ali ndi malire olembedwa pa iye. Mapanelo olumikizidwa mondondozana amaphatikiza mavolti ao, ndipo m'mamawa wozizira wa June mavoltiwo amakwera. Akapyola malire, kontrola amapsa.

Cha m'ma 2000 nyumba zina za ku Nyimba, Chipata ndi Lundazi zinalandira magetsi a dzuwa olipira mwezi ndi mwezi, ndipo kumenekonso cobvuta kusamala cinali batire, osati panelo. Panelo ikhala zaka makumi awiri ndi kupitirira. Batire la mtobvu likhala zowerengeka, ndipo ndilo lidya ndalama za mwini nyumba. Cifukwa cace wanzeru amayamba wasankha mavolti a batire, kenaka kontrola, ndipo panelo amaigula pomarizira.