Mmene Makina Anaphunzirira Kukumbukira Mawu a Chala

M'zaka za m'ma 1970, pamene minda ya fodya ya Press Farming ndi General Farming inali kutambalala m'chigwa cha Kasungu, kalaliki wotayipa maina a antchito ndi kulemera kwa mabelo analibe pothawira akaphonya chilembo, koma kufufuta kapena kuyambanso tsamba lonse. Ndipo tisayese kuti anzake a kutsidya kwa nyanja, olamula makompyuta oyamba, anali pabwino kumposa iye.

Iwonso anakhala pa makina a lamya, monga Teletype Model 33 ya 1963, yolemba papepala zilembo 10 pa sekondi. Ndipo Unix, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene inabadwira ku Bell Labs mu 1969, inali kusunga mzere wonse kufikira munthu atadina batani la Return, kotero kuti wolakwa anali kulemba # kuti afafanize chilembo, kapena @ kuti ataye mzere. Lamulo likachitika, linali kutayika. Monga ananenera akuluakulu, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Bill Joy wa ku Berkeley anaika chikumbukiro mu C shell, pulogalamu yolandira malamulo a munthu pa Unix, kuti wolemba !! abwereze lamulo lotsiriza. Koma ntchito imene ine ndiilemekeza koposa ndi Readline, imene Brian Fox anailemba pamodzi ndi Bash ya 1989, shell inanso, pakuti kuti batani la muvi woloza kumwamba libweze mzere wadzulo, pulogalamu iyenera kupempha kuti batani lililonse liifikire pomwepo, osayembekeza Return, kenaka izindikire kuti muviwo si chilembo chimodzi koma zitatu, ESC, [ ndi A, monga mwa mwambo wa makina a VT100 a 1978, nijambulenso mzerewo yokha. Mwini akapanda kusintha, Bash imasunga malamulo 500.

Chifundo chimenechi sichinafike kwa onse. Mlimi wochokera kumsika wa Chinkhoma, potumiza ndalama kumudzi pa foni ya mabatani, amayamba ndi batani la nyenyezi (*) natsika mzere ndi mzere, nambala ya wolandira, kuchuluka kwa ndalama, nambala yachinsinsi. Netiweki ikaduka pakati, zonse zimafafanizika, ndipo ayenera kuyambiranso pa nyenyezi, ngakhale kuti njira yomupeputsira katunduyu yakhala ikudziwika kwa zaka zoposa 40.