Vinyo Wopanda Dzina: Mmene Tsoka la Minda ya ku France Linafikitsira Migolo ku Tete

Mumzinda wa Tete, kumene dzuwa la Okutobala limapitirira madigiri 40, simuli minda ya mpesa, komabe vinyo wakhala akumwedwamo kwa zaka zoposa 400. M'masitolo akuluakulu a masiku ano wochuluka ndi wa ku Portugal ndi wa ku South Africa. Wa ku France ndi wosowa, ndipo ukamupeza mtengo wake ndi woboola m'thumba. Ambiri amati zili choncho chifukwa lilime la anthu a kuno linazolowera za Apwitikizi. Ine ndikuti lilimelo silinasankhe lokha. Malamulo a ku Lisbon ndiwo analisankhira, ndipo chimene chinabala malamulowo chinayambira m'minda ya ku France komweko.

Apwitikizi atakhazikika ku Tete ndi ku Sena cha m'ma 1530, vinyo ankabwera pang'onopang'ono pa mabwato okwera Zambezi kuchokera ku gombe. Ansembe a chipani cha Dominiko ankamufuna pa Misa, monganso Ajezuiti amene anadzatsegula mishoni ya Boroma m'ma 1880, ndipo eni maprazo (minda ikuluikulu ya m'chigwa cha Zambezi) ankamwa pofuna kuonetsa ulemerero. Anthu wamba anali ndi zawo: mowa wa mapira ndi mawere, ndiponso kachasu wotchezedwa ndi masau a m'chigwa muno. Kwa zaka mazana atatu vinyo anali wa paguwa ndi wa patebulo la bwana basi.

Zinthu zinatembenuka chifukwa cha kachirombo kotchedwa phylloxera, kochokera ku America, kamene kamadya mizu ya mpesa. Kanaoneka kumwera kwa France cha m'ma 1863, ndipo m'zaka makumi awiri kanali katasakaza minda yosawerengeka. Amalonda a ku Bordeaux anasowa chodzazira migolo, nayamba kugula vinyo wa kunja. Alimi a ku Portugal, ngakhale kuti nawonso kachiromboka kanawapweteka ku Douro, anabzala mpesa wambiri m'zigawo zina pofuna msika wonenepawu. Phwandolo silinakhalitse. Afalansa anaphunzira kulumikiza mpesa wawo pa mizu ya ku America imene kachiromboka sikaipha, minda ya ku Algeria inayamba kuwatumizira vinyo wochuluka, ndipo mu 1892 msonkho wa ku France wotchedwa Méline unatsekera kunja katundu wa alendo. Portugal inatsala ndi migolo yodzaza yopanda wogula. M'chaka chomwecho cha 1892 boma la Lisbon linakonza misonkho ya m'madera ake a ku Africa kuti katundu wa kwawo azilowa motsika mtengo ndipo wa mayiko ena azilipira kwambiri. Vinyo wa ku France anatsekeredwa njira ya ku Mozambique.

Kutseka khomo kwa alendo sikunali kokwanira, chifukwa mpikisano weniweni unali pa mbiya ndi pa mpope wa kachasu kuseri kwa nyumba. Pangano la ku Brussels la 1890 linali litaika kale malire pa malonda a zakumwa zaukali m'chigawo chachikulu cha Africa, ndipo Tete ali m'kati mwa chigawocho. Koma vinyo sanawerengedwe m'gulu la zoletsedwa. Apa mpamene Lisbon inapezera poponda. Kutcheza kachasu kunasanduka mlandu, pamene makantina (timasitolo tating'ono) ankagulitsa vinyo wopangidwira dala ogula akuda, wothiridwa zoledzeretsa zina kuti akhale waukali ndiponso kuti asasase pa ulendo wa panyanja. Wolemba mbiri José Capela anafotokoza malondawa m'buku lake la 1973, O Vinho para o Preto. Anakula kwambiri kumwera, kumene makantina ankadikirira malipiro a amuna obwera ku migodi ya ku Johannesburg, koma nzeru yake inali imodzi m'dziko lonse: ndalama ya wantchito wa ku Africa ikathere m'thumba la mlimi wa ku Portugal. Ulamuliro wa Salazar ku Portugal, umene unakhazikitsa Junta Nacional do Vinho mu 1937, unkalalikira poyera kuti kumwa vinyo ndiko kudyetsa mabanja a alimi a kwawo.

Wina anganene kuti palibe amene anatsekulidwa pakamwa mokakamiza, ndipo kuti anthu anagula chifukwa anamukonda. Zoona, ena anamukonda, ndipo botolo lalikulu la malita asanu linalowa mpaka m'maukwati. Koma kukonda kumayesedwa pamene pali zinthu ziwiri zoti usankhepo. Munthu amene chakumwa cha makolo ake chasanduka mlandu, ndipo cha mayiko ena chakwezedwa ndi msonkho, sakusankha kanthu. Winanso anganene kuti kuletsa kachasu kunateteza miyoyo, pakuti wotchezedwa mosasamala amapha. Mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo sindikuipeputsa; kachasu woipa wasiya amasiye ambiri m'chigwa muno. Komatu boma lofuna kuteteza anthu likanayang'anira katchezedwe ndi kuchepetsa uchidakwa, osati kulowetsa chakumwa china chaukali m'malo mwake n'kumakondwera migolo ikamatha msanga.

Chimene chinatayika pa malonda amenewa chimaoneka bwino tikayang'ana mmene Afalansa anachitira ndi vinyo wawo m'zaka zomwezo. Nawonso anavutika ndi vinyo wachinyengo, koma mu 1935 anakhazikitsa lamulo loti dzina la malo lizitetezedwa: wotchedwa Chablis azichokeradi ku Chablis ndipo akhale wa mphesa za Chardonnay; Sancerre woyera akhale wa Sauvignon blanc. Nchifukwa chake wolawa amatha kuyerekeza. Woyera amafinyidwa n'kuchotsedwa makoko msanga, choncho amakhala wopepuka ndi wowawasira. Wofiira, monga wa Merlot ndi Cabernet Sauvignon wa ku Bordeaux, amawira pamodzi ndi makoko ake, amene amamupatsa mtundu ndi kakhambi kogwira m'kamwa. Chaka cholembedwa pabotolo chimanenanso zoona: chisanu cha mu Epulo 2021 chinapha mphukira n'kuchepetsa zokolola kwambiri, pamene 2022 chinali chaka chotentha ndi chouma chimene chinapsetsa mphesa msanga. Wogula wa m'kantina ya ku Tete sankauzidwa munda, mtundu wa mphesa, ngakhale chaka. Anapatsidwa ukali wokha, ndipo mibadwo ingapo inaphunzira kuti vinyo ndi wolezera, osati wolawa.

Ndalama zabwera ku Tete kawiri m'nthawi yaposachedwa: pomanga damu la Cahora Bassa pakati pa 1969 ndi 1974, ndiponso pamene kampani ya Vale inayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011. Nthawi zonse ziwiri mabotolo abwino anatsatira mainjiniya ndi mabwana, ndipo ena amati nkhani yoyerekeza woyera ndi wofiira ndi ya anthu amenewo okha. Mtengo wake ukuwavomereza. Ngakhale nyengo ikuvomereza, chifukwa botolo losungidwa m'sitolo yopanda choziziritsa limaphikika m'miyezi yochepa, ndipo wogula amalipirira dzina la chinthu chimene chinafa kale. Koma nzeru yoteteza dzina la malo si ya olemera okha, ndipo yafika kale kuno. Nyama ya mbuzi ya Cabrito de Tete, ya mbuzi zimene zimadya masau ndi malambe a m'tchire louma lino, ndiyo inakhala chinthu choyamba cha ku Mozambique kulembetsedwa kuti dzina la dera lake litetezedwe. Kachasu wa masau omwewo, amene amayi a ku Changara ndi ku Moatize amadziwa kusiyanitsa wa mutu ndi wa kumapeto, sanapatsidwebe muyezo wa ukhondo, chizindikiro, kapena dzina lotetezedwa, ndipo akugulitsidwabe m'mabotolo otoleza kuseri kwa msika.