Kuchokera pa Nsompho Kufika pa Makina Osema

Nkhani ya sabata ino ndi mbiri ya zida zosemera, ndipo iyambira paphiri la Mphunzi, m'dera lokwera la boma la Dedza. Pamatanthwe a phiri limeneli pali zithunzi za mitundu iŵiri. Zofiira ndizo zakale kopambana, ndipo akatswiri amati anazijambula Akafula, alenje amene ankakhala m'mapanga Acheŵa asanafike. Zoyera anazijambula Acheŵa ndi dothi loyera pachala, ndipo zambiri mwa izo zinali zolangizira anamwali. Mphunzi ndi mbali imodzi ya dera la Chongoni, kumene kuli malo 127 a zithunzi zotere, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika derali m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Zithunzizi zikuchitira umboni kuti anthu a m'mapiri aŵa anayamba kalekale kutenga chimene chili m'mutu ndi kuchiika pachinthu chokhalitsa. Wosema mtengo amachitanso chomwecho, ndipo chimene chakhala chikusintha m'mibadwo yonseyi ndicho chida cha m'manja mwake.

Chala chimakwanira kupaka dothi, koma mtengo umafuna chitsulo. Luso loyenga chitsulo m'ng'anjo linafika m'dziko muno zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, Dr. Yusuf Juwayeyi anafukula zida zachitsulo pamodzi ndi zidutswa za minyanga ya njovu yosemedwa. Wosula akavukuta mvukuto pachipala, ankatulutsa nkhwangwa, nsompho ndi mpeni. Ndi zida zitatu zimenezi mmisiri wa pamudzi ankasema mtondo ndi munsi, chipande ndi mthiko, mpini wa khasu, ng'oma, bwato ndi bawo. Muyeso wake unali diso, chikhatho ndi mkono. Chifukwa cha ichi panalibe mitondo iŵiri yofanana, ndipo anthu ankatha kuzindikira mwini ntchito pongoona mmene nsompho yadyera mtengo.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi amishoni. A Dutch Reformed anakhazikika ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma mu 1896, kenaka ku Mphunzi komweko, pamene ansembe a White Fathers anamanga ku Mua mu 1902. Matchalitchi ndi masukulu anafuna zitseko, mazenera, mabenchi ndi mabolodi, choncho anyamata anaphunzitsidwa kugwira sowo, puleni ndi tchizulo. Komatu chida chachikulu chimene kalipentala analandira chinali nambala. Iye amayamba wayeza thabwa m'mainchi, nalemba chizindikiro ndi pensulo, asanadule. Chitseko chopangidwa motere chimatha kupangidwanso ndi munthu wina kudera lina, bola ngati wapatsidwa manambala omwewo. Luso losema ndi diso silinafe ayi. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, anayambitsa malo a Kungoni ku Mua, kumene amisiri ambiri anaphunzira kusema ziboliboli zofotokoza miyambo ya Acheŵa, Angoni ndi Ayao, ndiponso nkhani za m'Baibulo.

Kutsidya la nyanja anthu anali atayamba kale kufunsa kuti: ngati ntchito ingalembedwe m'manambala, kodi makina sangaŵerenge okha manambalawo? Mu 1804 Joseph Marie Jacquard wa ku Lyon, ku France, anakonza makina oombera nsalu amene ankatsata makadi oboolaboola. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, John Parsons wa ku Michigan, ku America, amene ankapanga mapiko a helikopita, anagwiritsa ntchito makadi otere poŵerengera malo oyenera kudula chitsulo. Mu 1952 akatswiri a pasukulu ya ukachenjede ya MIT anaonetsa makina odula chitsulo otsata malangizo a palamba wa pepala woboolaboola. Pambuyo pake kompyuta inaloŵa m'malo mwa pepalalo, ndipo makinawo anatchedwa CNC, kutanthauza makina owongoleredwa ndi manambala a kompyuta. Kwa zaka zambiri anali aakulu ndi okwera mtengo kotero kuti ankapezeka makamaka m'mafakitale aakulu monga a ndege ndi magalimoto.

Makinaŵa analoŵa m'nyumba za anthu wamba posachedwapa. Mu 1996 kampani ya ShopBot ku North Carolina inayamba kugulitsa makina osemera matabwa amene munthu ankatha kulumikiza yekha. Mu 2009 kunatuluka pulogalamu yaulere yotchedwa GRBL yoyendetsera makina otere, ndipo mu 2011 Edward Ford anatulutsa kamakina kotchedwa Shapeoko, kokwana pathebulo. Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kukamvetsa. Munthu amajambula chimene akufuna pakompyuta, kompyutayo nisandutsa chithunzicho kukhala mndandanda wa manambala. Kenaka thabwa limamangidwa zolimba pathebulo, ndipo kampeni kozungulira maulendo oposa 10,000 pamphindi imodzi kamayendetsedwa njira zitatu: kumanja ndi kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo, m'mwamba ndi pansi. Anthu amene amachita izi pongosangalala akaŵeruka kuntchito amapanga zikwangwani za maina, mawotchi apakhoma, timabokosi, zidole za ana, mapu oonetsa mapiri ndi zigwa, ngakhalenso magitala.

Bawo ndilo lingaonetse bwino kusiyana kwa njira ziŵirizi. Bawo lili ndi maenje 32, m'mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu. Mmisiri wa nsompho amagoba dzenje lililonse palokha, naliyesa ndi zala kuti aone ngati dzanja la woseŵera lidzatha kutapa nkhomo mosavuta. Makina amagoba maenje onsewo mofanana ndendende, ndipo maŵa adzagobanso bawo lina losasiyana ndi la lero. Koma makinawo sadziŵa kuya koyenera kwa dzenje pokhapokha atauzidwa ndi munthu amene anaseŵerapo bawo. Sazindikiranso mfundo ya mtengo kapena thabwa laliŵisi limene lidzapindika likauma. Akapatsidwa nambala yolakwika, amaitsata mokhulupirika kufikira thabwa litawonongeka kapena kampeni katathyoka.

Pali zinthu zitatu zimene anthu a ku Dedza ndi maboma ena ayenera kuziganizira makinaŵa asanachuluke. Choyamba ndi chakudya cha amisiri. Mabanja ambiri amadalira ziboliboli zogulitsa kwa alendo, ndipo katundu wa makina akafika wambiri pamtengo wotsika, iwo ndiwo adzayamba kumva kuŵaŵa. Pakalipano chimene chikuchedwetsa makinaŵa ndi kusoŵa kwa magetsi m'midzi yambiri ndiponso kufunika kwa ndalama zakunja pogula zipangizo zake.

Chachiŵiri ndi mitengo. Mphingo, umene osema amaukonda chifukwa cha kuda ndi kulimba kwake, umakula pang'onopang'ono, ndipo kuyambira mu 2017 malonda ake a pakati pa maiko amafuna chilolezo pansi pa pangano la CITES. Makina angathandize pamenepa, pakuti amasema bwino matabwa a paini onga a m'nkhalango zobzala za ku Chongoni, ndiponso tizidutswa totsala kwa akalipentala. Koma angathenso kumaliza mitengo yachilengedwe mofulumira kuposa nsompho, ngati mwini wake alibe chisoni ndi nkhalango.

Chachitatu ndi umwini wa zithunzi. Chithunzi chikasanduka manambala chimayenda pa intaneti m'kanthaŵi kochepa, ndipo munthu wa kudziko lakutali angathe kusema pathabwa chojambula cha pathanthwe la Mphunzi, nachigulitsa, osadziŵa tanthauzo lake. Zina mwa zithunzi zoyerazo zili ndi eni ake, amene ndi anamkungwi ndi mafumu, ndipo ulemu umafuna kuti iwo ayambe afunsidwa.

Akuluakulu anati nkhwangwa ikhulupirira mpini. Mnyamata kapena mtsikana wofuna kuphunzira makina osema achita bwino kuphunzira masamu ndi kompyuta kusukulu, komanso kukhala pansi pambali pa mmisiri wachikulire wa m'mudzi mwawo, kuti adziŵe kusiyanitsa mlombwa ndi mbaŵa, nyengo yodula ndi kuumitsa mtengo, ndi chifukwa chake chipande chimapindika mmene chimapindikiramo. Amisiri otere alipobe ku Mua, ku Mphunzi ndi m'midzi yambiri, koma akukalamba, ndipo nzeru zawo sizinalembedwe m'kompyuta iliyonse.