Waya wa Pazenera m'Mbiri ya Malungo

Mu 1897 Ronald Ross anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Patapita zaka ziwiri, Angelo Celli anayamba kutchinga ndi waya mazenera a nyumba za ogwira ntchito panjanji ku Italy, ndipo odwala anachepa kwambiri. Mu 1900 Louis Sambon ndi George Low anagona miyezi itatu m'kanyumba kotchingidwa chonchi ku Ostia, malungo ali pachimake, osadwala. Kafukufuku wa ku Gambia wofalitsidwa mu 2009 anapezanso kuti udzudzu wolowa m'nyumba umachepa pafupifupi ndi theka.

Komabe chitetezochi chimatha waya akang'ambika, kapena kachingwe ka labala komugwira m'felemu kakauma n'kusolotoka. Kusintha ziwirizi msanga n'kupewa matenda.