Chiwondo cha kwa Mlonyeni ndi ulusi wopota ndi magetsi

Nsalu za m'sitolo zisanafale, anthu a kwa Mlonyeni ku Mchinji ankavala za m'tchire. Angoni a Mpezeni ankakonda zikopa, pomwe Achewa amene anawapeza m'derali anali akatswiri a chiwondo, nsalu ya khungwa la mtengo imene ena amati nyanda.

Mmisiri ankasankha mombo wowongoka, n'kusenda khungwa, kupala kunja kokhakhalako, kuviika m'madzi, kenako kuliyala pachipika n'kuyamba kusasantha. Chibonga chake chinali ndi mizere yosema kumutu, ndipo luso lonse linagona pamenepo. Mizereyo inkamwaza luzi, khungwa n'kutambasuka, n'kufewa, n'kusiya tinthiti pankhope ya nsalu. Akaleka msanga, chiwondo chinkakanda thupi. Akapitiriza muyeso, chinkabooka.

Angerezi atagonjetsa Angoni mu 1898 n'kukhazikitsa boma la Fort Manning m'derali, msonkho wa nyumba unathamangitsira amuna kuntchito zakutali, ndipo ankabwerako ndi nsalu zogula. Chiwondo chinasanduka chizindikiro cha umphawi. N'zomvetsa chisoni kuti sitinachisamale, chifukwa chiwondo cha Abaganda a ku Uganda, cha mtengo wa mutuba, bungwe la UNESCO linachilemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse.

Asayansi lero akulimbana ndi funso la mmisiri uja, la momwe angaumbire nkhope ya nsalu, koma pa ulusi wowonda kuposa tsitsi kambirimbiri. Amasungunula pulasitiki m'mankhwala, n'kuitulutsa pansonga ya singano yolumikizidwa ku magetsi amphamvu kwambiri. Magetsiwo amakoka kadontho mpaka kukhala kaulusi, kamene kamauma kali m'malere n'kugwera pachitsulo, kuyalana mosaluka. Njirayi si yadzulo: John Francis Cooley analembetsa umwini wake mu 1902, Anton Formhals mu 1934, ndipo Darrell Reneker wa ku yunivesite ya Akron anaitsitsimutsa m'zaka za m'ma 1990.

M'malo mwa chibonga, asayansi amasintha mankhwala ndi chinyezi cha m'chipinda. Mankhwala ouma msanga mumpweya wachinyezi amasiya timaenje paulusi. Ena amasiya makwinya kapena mizere. Ulusi wa timaenje umagwira fumbi lambiri ndiponso umasunga mankhwala, n'chifukwa chake umafunika m'zosefera mpweya, m'mamasiki ndi m'zomangira zilonda. Wa mizere akuuyesa pothandiza mitsempha yoduka kuti imere molondola njira.