Mlandu wa Kapolo Wothawa

Abale a m'mipingo, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, chaka cha 1861 n'choyenera kuti ana a sukulu achidziwe. Pakuti m'chaka chomwecho mfuti zinalira m'maiko awiri otalikirana ndithu, ku America ndi kuno ku mapiri a Shire, ndipo mlandu wache unali umodzi: munthu akathawa kwa mbuye wache amene anamgula, kodi iye womlandira achite naye chiani? Ambweze, kapena amsunge?

Ku America boma linali limodzi, koma mitima inali iwiri. A kumwera analima thonje ndi manja a akapolo, amene m'chaka cha 1860 anayandikira mamiliyoni 4. A kumpoto anali ataleka ukapolo m'zigawo zao. Tsono akapolo anali kuthawira kumpoto, ndipo m'chaka cha 1850 boma linaika lamulo lakuti munthu ali yense, ngakhale wa kumpoto, athandize kugwira wothawayo. Lamulo limeneli linawawitsa mitima ya ambiri amene kale sanasamale za ukapolo, popeza tsopano unafika pakhomo pao. Anakangananso za maiko atsopano a kumadzulo, ngati ukapolo uloledwe komweko kapena iai. Ndipo tisabise ichi, kuti mipingo ndiyo inayamba kung'ambika dziko lisanang'ambike: Amethodisti m'chaka cha 1844, Abaptisti m'chaka cha 1845. Ena anatsegula kalata wa Paulo kwa Filemoni, nati Onesimo anabwezedwa; ena anatsegula chilamulo cha Mose, chimene chiletsa kupereka kapolo wothawa kwa mbuye wache. Abraham Lincoln atasankhidwa m'chaka cha 1860, zigawo za kumwera zinayamba kupatuka kufikira zinakwana 11. Nkhondo inabuka m'mwezi wa April 1861, nitha m'chaka cha 1865, atafa asilikali oposa 600,000.

Thonje la akapolo aja linali kugulidwa ku Britain, ndipo ndilo linasonkhezera David Livingstone kuyang'ana dziko lathu lino. Iye anaganiza kuti anthu a mfulu a m'chigwa cha Shire akalima thonje ndi kuligulitsa, malonda a anthu adzafota kuno ndi kutsidya komwe. Koma anapeza dziko losokonezeka. Amang'anja anakhala pansi pa mafumu ambiri osamvana, ndipo Ayao anali kulowa kuchokera kum'mawa kwa nyanja, atapitikitsidwa kwao ndi nkhondo ndi njala. Nsaru, mikanda, mfuti ndi wonga zinachokera ku gombe, ndi mtengo wache unali minyanga ndi anthu.

Pa 16 July 1861, patangopita miyezi itatu chiyambire nkhondo ya ku America, Livingstone anali kupumula m'mudzi wa Mbame, pa njira yokwera kuchokera ku Shire kufika kumene kuli Blantyre lero. Pomwepo unatulukira ulendo wa akapolo wopita ku Tete, amuna ali m'magoli, akazi ndi ana ali pazingwe. Oyendetsa ulendowo ataona Azungu anathawira kuthengo, nasiya anthu 84. Anadula zingwe, nacheka magoli ndi sowo. Anthuwo analibe kwao kobwerera, ndipo anaperekedwa kwa Bishopu Charles Mackenzie, amene anakamanga nao ku Magomero, m'dziko la mfumu Chigunda.

Apa ndipo mlandu unayamba kulemera. Wolandira anthu 84 wasanduka mfumu, afune asafune. Mafumu a Amang'anja anadza kwa bishopu kumpempha mfuti zache, ndipo m'mwezi wa August iye anatuluka nao, natentha midzi ya Ayao. Sipanapite nthawi, amishoni anazindikira kuti Amang'anja naonso anali kugulitsa anthu, ndi kuti ambiri mwa Ayao aja anali othawa nkhondo okha, ofuna pokhala. Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862 pa mathiriro a Ruo. Njala yoopsa inatsata, ndipo mishoni inachoka m'dziko muno.

Aphunzitsi asamale pofotokoza izi, asanene kuti mtundu wakuti unali woipa ndi mtundu wakuti wabwino. Ukapolo unagawa mudzi ndi mudzi, ngakhale banja ndi banja. Mphamvu ya mfumu m'masiku aja inali kuchuruka kwa anthu ache. Ndipo pa mwambo wa Ayao ndi Amang'anja mwana ali wa kuchikazi, mwini wache ndi malume. Koma mwana wobadwa kwa mdzakazi alibe malume womtenga, akhala m'mudzi wa atate wache. Chifukwa chache munthu wofuna kukuza mudzi anafunitsa akazi ogula. Ena anaperekedwa kulipira mlandu wa mbale wao, ena anasinthidwa ndi chimanga m'chaka cha njala. Kapolo wa pamudzi anadya ndi eni ache, natchedwa mwana. Komabe ulendo wa ku gombe ukafika, woyamba kulowa m'goli anali iyeyo. Ndipo pakumva kuti ulendo wayandikira, ndi pamene ambiri anathawa.

Anathawira kuti? M'mwezi wa October 1876 a Mpingo wa Scotland anakhazika mishoni pa malo amene Henry Henderson anasankha, pakati pa Ndirande, Soche ndi Michiru, m'dziko la mfumu Kapeni. Posachedwa othawa anayamba kufika, mmodzi mmodzi, usiku. Amishoni anawalandira, nawapatsa minda, ndipo panamera midzi ya mishoni. Eni ache anadza kudzaitanitsa anthu ao, nabwezedwa chimanjamanja. Kwa iwo kumeneku kunali kuba, ndipo anabwezera pofwamba akatundu a mishoni panjira. M'chaka cha 1879 mfuti zinalira pakati pa anthu a mishoni ndi a midzi yoyandikana. Choipa koposa n'chakuti amishoni, posanduka oweruza, anayamba kukwapula anthu ndi zikoti, ndipo munthu wina amene anamnenera mlandu wakupha anamuombera ndi mfuti. Mlendo wina, Andrew Chirnside, anaulula izi m'chaka cha 1880. Mbusa Duff Macdonald, John Buchanan ndi George Fenwick anachotsedwa ntchito, ndipo akuru a mpingo ku Scotland analetsa mishoni kuweruza milandu ya dziko ndi kusunga othawa.

Ife tiyesa kuti chikwapu chija chinali chochititsa manyazi, ndipo anachita bwino kuchiletsa. Koma lamulo lotseka chitseko sitingaliyamikire ndi mtima wonse, pakuti wolipira mtengo wa mtenderewo anali mkazi wofika usiku ndi mwana kumbuyo. David Clement Scott, amene anafika m'chaka cha 1881, anasankha njira ina: kukhala pabwalo ndi mafumu, kukamba milandu monga mwa mwambo wa dziko, ndi kuphunzitsa ana ao. Mtendere unabwerera ku Blantyre, koma maulendo a akapolo sanaleke kupita ku gombe.

Nkhondo imene mishoni inaipewa inadzera ku Mandala. Kampani ya African Lakes, ya abale awiri John ndi Frederick Moir, inali ndi sitolo ku Karonga. M'chaka cha 1887 Mlozi, wamalonda wa Chiswahili, pamodzi ndi anzache Kopakopa ndi Msalema, anathira nkhondo Ankhonde, ndipo ambiri anatenthedwa m'mabango a ku Kambwe. Opulumuka anathamangira kwa anthu a kampani, ndipo funso lomwe lija linabweranso. Anamenyana zaka ziwiri popanda wopambana, kufikira Harry Johnston anapangana ndi Mlozi m'chaka cha 1889.

Johnston yemweyo, atakhala mkuru wa boma ku Zomba m'chaka cha 1891, anabwera ndi asilikali a ku India, nayamba kugonjetsa mafumu mmodzi mmodzi: Chikumbu ku Mulanje, Mponda kumene anamanga Fort Johnston, ndi ena. Sinali ntchito yapafupi. Anthu a Makanjira anapha Kapitao Cecil Maguire m'mwezi wa December 1891, ndipo Jalasi anapitikitsa asilikali a boma m'chaka cha 1892. Kawinga, Matipwiri ndi Jalasi anagwa m'chaka cha 1895; m'mwezi wa December chaka chomwecho linga la Mlozi linagumulidwa, iye napachikidwa, ndi akapolo oposa 500 anamasulidwa. Komatu nkhondo izi sizinali za ukapolo wokha. Zinali za ulamuliro ndi za msonkho womwe, ndipo Scott ndi Alexander Hetherwick anadzudzula boma poyera m'nyuzi ya mishoni chifukwa cha kutentha midzi.

Ku America ukapolo unatha ndi lamulo lolembedwa m'chaka cha 1865. Kuno njira ya ku gombe ndiyo inatsekedwa, koma akapolo a pamudzi ambiri anakhala pomwe anali, nakwatira, nabala ana m'midzi ya ambuye ao. Ndipo kufikira lero, mlandu wa ufumu kapena wa munda ukakula pabwalo, pamapezeka wina woimirira kukumbutsa mnzache kuti agogo ache anafika pamudzipo ndi chingwe.