Ethnikos, mfumu ya m'madzi ya ku Piraeus

Anyamata, lero tisiye kaye za Premier League. Ndikufuna ndikuuzeni za timu ina ya ku Greece imene inatenga chikho cha dziko lawo ka 32 pa zaka 33. Werenganinso nambalazo, sindinalakwitse kutayipa.

Masewera ake ndi water polo, mpira wa m'madzi. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 7 kuphatikizapo goloboyi, ndipo amasewera zigawo zinayi za mphindi 8. Madzi ake ndi akuya moti phazi siligunda pansi, ndipo mpira umagwira ndi dzanja limodzi basi, kupatula goloboyi. Inu amene mumadzitama kuti mumatha kusambira, yesani kuima m'madzi akuya mutakweza dzanja, wina akukukoka kabudula pansi pomwe oimbira sakuona. Mumva mwendo ukuyankhula.

Timuyi dzina lake ndi Ethnikos, ya mumzinda wa Piraeus. Piraeus ndi doko lalikulu la Athens, pomwe sitima zopita ku zilumba za Greece zimanyamukira, mzinda wa amalinyero ndi anthu okonza sitima. Ethnikos inayamba mu 1923, yunifomu yake ya buluu ndi yoyera. Patangopita zaka ziwiri, mu 1925, mumzinda womwewo munabadwa Olympiacos, ya yunifomu yofiira ndi yoyera. Ofiira ndi abuluu mu tawuni imodzi, a Bullets ndi a Noma mukudziwa kale mmene zimakhalira.

Poyamba ofiira ndi amene ankaoneka ochangamuka, anatenga zikho zingapo kuyambira mu 1927 mpaka mu 1952. Koma itakwana 1953 chitseko chinatsekedwa. Ethnikos inatenga ligi zaka 18 zotsatizana, mpaka 1970. Mwana wobadwa chaka chimene anayamba kuwina anafika pomera ndevu asanaone chaka chimene Ethnikos sinanyamule chikho. Mu 1971 Olympiacos inalanda, anthu n'kumati mwina ufumu watha. Ayi ndithu. Chaka chotsatira abuluu anabweranso n'kukhalapo zaka zina 14, kuyambira 1972 mpaka 1985. N'chifukwa chake Agiriki anaipatsa dzina loti Aftokratoras, kutanthauza mfumu ya mafumu. Dzina lalikulu pa nthawi imeneyo linali Andreas Garyfallos, amene anali wosewera komanso kochi wa timuyi.

Ine chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zaka 14 zachiwirizo. Injini yatsopano kuyenda bwino si nkhani. Nkhani ndi yoti uimasule, usinthe zam'kati, n'kulirabe chimodzimodzi. Osewera a 1953 sakanatha kusambira mpaka 1985, ndiye kuti timuyi inkalera ana ake, gulu lina likakalamba lina lakonzeka kale.

Nanga zinatha bwanji? Sizinagwe tsiku limodzi. Matimu a m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa Athens anakula. Glyfada inatenga ligi mu 1986 ndi 1987, Vouliagmeni mu 1991. Ethnikos inkalumabe apo ndi apo, mu 1988 ndi mu 1994, koma mantha aja anali atachoka. Ndiye mu 1992 Olympiacos, itakhala zaka 21 osanunkha chikho cha ligi, inadzuka. Awa ali ndi ochemerera ochuluka m'dziko lonse la Greece, pomwe Ethnikos, ngakhale pa nthawi ya ufumu wake, inali timu ya anthu ochepa.

Apa ndiye pali chowawa kwa abuluu. Pa zaka zonse zija akulamulira kwawo, chikho chachikulu cha ku Ulaya sanachigwirepo. Kunja kunali akatundu a ku Hungary, Yugoslavia, Italy ndi Soviet Union. Amene anachibweretsa ku Piraeus ndi neba wawo. Mu 2002 Olympiacos inagonjetsa Honvéd 9-7 ku Budapest, kwawo kwenikweni kwa Honvéd. Mu 2018 inabwerezanso, kugonjetsa Pro Recco ya ku Italy 9-7 ku Genoa, kochi wake ali Thodoris Vlachos. Ena amati basi, pamenepo mkangano wa timu yaikulu unatha. Ine sindivomereza msanga. Zikho ziwiri za ku Ulaya n'zolemera, inde, koma mpikisano umene Olympiacos inakuliramo anaukweza ndi abuluu, pokakamiza aliyense wofuna chikho kuti ayambe wafika pa mlingo wawo.

Kuyambira 1999 ligi ya amuna ili m'thumba mwa Olympiacos. Chaka choyamba kuwathawa chinali 2006, ndipo amene anawalanda si wina ayi, ndi Ethnikos yomweyo, pomwe ambiri anali ataiwerengera kale ku manda. Chimenecho chinali chikho chawo cha 38, ndipo ndicho chomaliza mpaka pano. Olympiacos yawapeza kale pa nambala imeneyo.

Chikho cha ku Ulaya chinadzafikabe ku Ethnikos, koma anachinyamula ndi atsikana. Timu yawo ya amayi inatenga LEN Trophy mu 2010, n'kudzatenganso mu 2022.

Tumizirani anzanu a ku doko.